Okalamba amafuna kudzichitira okha zinthu

N'zoona kuti zimene munthu amaziona zofunika pa thanzi zimasintha akamakula. Munthu wazaka 75 nkhawa yake ndi yoti azidzuka yekha pampando, azisamba popanda womugwirira, azikumbukira mayina a adzukulu ake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu lipoti lake la 2015 linafotokozanso kuti ukalamba wathanzi ndi kutha kuchita zimene munthuyo amaziona kuti n'zofunika, ngakhale ali ndi shuga kapena BP. Chimandiwawa n'choti achibale timangothamangira mankhwala osawafunsa eniake. Okalamba amaopa kwambiri kugwa, ndipo m'pomveka: mwa opitirira zaka 65, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka ambiri sayendanso okha.