Chinatha fasho ndi suti ya layining'i, osati amayi athu a mu ofesi

Nkhaniyi timakangana nayo pafupipafupi pa nkhomaliro kuntchito kwathu, ndiye lero ndati ndiilembe pano kuti wofuna kunditsutsa anditsutse poyera. Atsikana amene angoyamba kumene ntchito amati amayi akuluakulu a m'maofesi a pa boma la Mangochi pano amavala zachikale, ati ukawaona umangodziwa kuti awa atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ine ndikukana. Mwa anthu onse amene ndimakumana nawo m'mawa popita kuntchito, amene amaoneka kuti akudziwa kumene ali komanso kumene akupita ndi amayi omwewa.

Ndikunena amayi a zaka za m'ma 50, aja ogwira ntchito ku akaunti, akalaliki, aphunzitsi aakulu a m'sukulu za pulayimale, ndi ena otero. Siketi yofika pa katumba, yosathina komanso yosakhuthukira. Bulauzi ya chitenje yosoketsa, manja ofika pa chigongono, khosi lotseguka pang'ono kuti mphepo izilowa. Duku lomangidwa mwaluso kapena tsitsi lometa bwino. Nsapato ya chidendene chachifupi. Chikwama chimodzi cholimba chimene akhala nacho zaka, ndipo mkati mwake simusowa chitenje chopindapinda, poti uthenga wa maliro sugogoda. Mayi wotere akaimitsa kabaza amakhala chammbali, miyendo pamodzi, chikwama pamiyendo, osavutika kukokera siketi pansi njira yonse. Akatsika amangodzisasa kamodzi n'kulowa mu ofesi. Yerekezani ndi ife amene tinagula kasiketi kothina ndi nsapato za gogoda, tikuyenda mumchenga wa ku Mangochi chidendene chikumira, wakabaza akudikira kuti tipeze kakhalidwe. Wachikale ndani pamenepa?

Anthu ambiri akamakamba za fasho amaiwala nyengo. Kuno si ku Dedza kapena ku Mzuzu. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limayamba kuswa mtengo nthawi ya 8 isanakwane, ndipo masana kutentha kumadutsa madigiri 35 mosavuta. Maofesi ambiri ali ndi fani imodzi yokha, ndipo magetsi akathima nayonso imagona. Chovala chilichonse chimene sichiganizira zimenezi n'cholakwika, kaya chabwera dzulo kuchokera ku Joni. Amayi akuluakuluwa anaphunzira kalekale kuti nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kuuma, pamene ya poliyesita imalisunga pakhungu mpaka madzulo. Sanawerenge pa intaneti. Anatuluka thukuta zaka zambiri mpaka anadziwa.

Sindikunena kuti chilichonse chimene amavala n'chabwino. Pali zina zimene zinatha ndithu, ndipo zipite. Choyamba ndi suti ija ya jekete ndi siketi zofanana, yokhala ndi layining'i yoterera mkati ndi timapilo m'mapewa. Inali ndi nthawi yake, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene mayi wa mu ofesi ankafuna kuoneka wamapewa ngati abwana aamuna kuti amumvere. Lero ukaiona umamva chisoni, makamaka mwini wake akamadzipepesera mphepo ndi fayilo. Nawo masitonkeni aja a mtundu wosagwirizana ndi khungu la munthu aliyense wa kuno, sindidzawasowa. Koma taonani bwino: zimene ndatchulazi ndi zija tinabwereka kwa anthu a kumayiko ozizira. Zimene amayiwa anapanga okha ndi matelala awo ndiye zikuonekabe zatsopano.

Chinsinsi chili kwa telala. Mayi wamkulu sagula chovala n'kuyamba kupemphera kuti chimukwane. Amagula nsalu, n'kupita kwa telala wake wa pakhonde la sitolo, amene wakhala akumusokera kuyambira mwana wake woyamba ali kumbuyo. Telalayo amatenga tepi, kuyeza mapewa, chifuwa, chiuno, matako, kutalika kwa siketi, n'kulemba m'kope lake lakuda ndi mafuta a makina. Akamadula amasiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko kuti thupi likadzawonjezeka adzangomasula, likadzachepa adzabweze. Ndinaonapo mayi wina akubweza diresi kwa telala chifukwa msoko wa paphewa unatsika pang'ono chabe, mwina ngati kutalika kwa chikhadabo. Ine sindinaone vuto lililonse. Iwo anangoti, “Achimwene, phewa langa silithera apa.” Telala sanatsutse, anangotenga lezala n'kuyamba kusomola. Chovala chosokedwa motero chimakhala pathupi mwaulemu, ndipo sichikalamba msanga chifukwa sichinatsatire fasho ya chaka chimenecho, chinatsatira thupi la mwini wake.

Ife a m'badwo uno tinakulira pa kaunjika, ndipo sindikunyoza, inenso theka la zovala zanga n'za pamenepo. Belo likatsegulidwa pamsika timathamangira, ndipo nthawi zina umapezadi bulauzi yokongola pa mtengo wabwino. Koma tivomereze kuti chovala chimenecho anasokera munthu wina, wa thupi lina, wokhala m'dziko la chisanu. N'chifukwa chake m'chiuno chimakwana koma m'matako chikukana, kapena manja atalika, kapena batani la pachifuwa likuoneka kuti lili pa ntchito yolemetsa. Timavala choncho n'kumati ndi fasho. Zatsopano za m'masitolo nazo, zambiri ukachapa kangapo mtundu wathawa, ulusi wayamba kutuluka.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti atsikana omwe amaseka amayiwa ndi omwenso Lachisanu amabwera atatchena chitenje, kujambulitsa pakhomo la ofesi n'kuika pa Facebook. Kuyambira pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, yogula katundu wopangidwa m'dziko muno, mu 2016 n'kulimbikitsa anthu kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu, chitenje chalowa m'mabanki ndi m'maofesi amene kale ankachiona ngati cha kumaliro ndi kuchinkhoswe. Zabwino. Koma amayi akuluakuluwa sanadikire kuti wina awauze tsiku. Iwo ankavala kale Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira masiku amene nsalu za David Whitehead za ku Blantyre zinali m'sitolo iliyonse, zopangidwa ndi thonje lolimidwa m'dziko momwe muno, ku Balaka, ku Salima, ku Chikwawa. Ndiye amene akutsatira mnzake ndani?

Ndipo ngati pali amene akukayikabe kuti chitenje ndi duku zingalowe mu ofesi yapamwamba, akumbuke Mayi Joyce Banda. Atakhala mtsogoleri wa dziko mu Epulo 2012 anayenda m'mayiko ambiri, kukumana ndi atsogoleri anzawo, atavala zosoketsa za chitenje ndi duku lake. Za ndale zawo aliyense ali ndi maganizo ake, sindikulowako. Ndikungonena kuti pa zithunzi za misonkhano ija, pakati pa masuti akuda, sunkachita kufufuza kuti wa ku Malawi ali pati. Zithunzi zimenezo mukaziona lero sizikuoneka zachikale.

Tsopano apa ndi pamene ndisiyane ndi ena amene mwina akundiombera m'manja. Pali anthu, makamaka abambo, amene amakonda kutenga kavalidwe ka amayi akuluakulu n'kukasandutsa chikwapu chokwapulira atsikana. “Taonani amayi anu, siketi yaitali, ulemu wokhawokha, osati inu ndi mathalauza anuwo.” Pepani bambo, mbiri yake simukuidziwa kapena mwaiwala dala. Mu 1973, nthawi ya Kamuzu, kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act, limene linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo pagulu. Linagwira ntchito zaka pafupifupi 20, mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'matipate. Mayi amene lero ali ndi zaka 58 anakula, kuphunzira, mwinanso kuyamba ntchito thalauza lili mlandu. Siketi yaitali sanaisankhe poyamba, anachita kuwasankhira. Chimene ndimawalemekezera n'chakuti m'kampata kakang'ono kamene anawasiyirako anapangamo luso: kasokedwe, kasankhidwe ka nsalu, kamangidwe ka duku. Lamulo litachoka ena anapitiriza chifukwa anazolowera ndipo zimawakhala, ena anayamba kuvala mathalauza, ndipo ndikudziwa amayi a zidzukulu amene thalauza la nsalu yopepuka ndi bulauzi yaitali zimawakhala kuposa ife.

Tisaiwalenso za mu Januwale 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu ankavula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi mumsewu, ati pofuna kuteteza chikhalidwe. Akazi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ambiri atavala mathalauza dala, ndipo pakati pawo panali amayi akuluakulu, kuphatikizapo Mayi Joyce Banda amene nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Choncho musawagwiritse ntchito amayiwa pa nkhondo imene iwo eni anaikana. Ine ndikuyamikira kavalidwe kawo chifukwa n'kokongola ndiponso n'kanzeru, osati chifukwa kamabisa mawondo.

Kuno ku Mangochi tilinso ndi china chimene a m'mizinda ina sachiona kwambiri. Ambiri mwa amayi a m'maofesi athu ndi Asilamu, ndipo mpango wakumutu ndi diresi lalitali ndi zovala zawo za tsiku lililonse. Ena amaganiza kuti zimenezi zimatseka mpata wa kutchena. Bwerani mudzaone. Kugwirizanitsa mtundu wa hijabu ndi maluwa aang'ono a pa diresi, kusankha nsalu yopepuka yoti isamatirire pakhosi, kuphana pini pamalo pake kuti mpango usasunthe tsiku lonse ngakhale pa njinga yamoto yopita ku Namwera, zonsezi ndi luso, ndipo atsikana achisilamu akuphunzira kwa amayi awo osachita manyazi. Mwina pa ichi anatiposa enafe, chifukwa kwa iwo palibe mpanda waukulu pakati pa chovala cha mayi ndi cha mwana wake.

Atsikana nawo ali ndi mfundo imodzi imene sindingaikane, ndiyo ndalama. Kusoketsa sikutchipa. Chitenje chabwino cha wakisi, osati chija chosuluka ukangochinyika, chakwera mtengo kwambiri, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Uwonjezere ya telala, zipi, mabatani. Mtsikana amene wangoyamba ntchito, akulipira lendi, akutumiza kangachepe kumudzi, sangasoketse madiresi asanu mwezi umodzi. Amayi ajanso sanatero. Anasonkhanitsa pang'onopang'ono, chaka chino ziwiri, chaka chamawa chimodzi, ndipo poti zimalimba, lero ali ndi sutikesi yodzaza. Amadziwanso kusamala: kuchapa ndi madzi ozizira, kuyanika pamthunzi chotembenuza, kusita ndi simbi ya makala magetsi akavuta popanda kugwetsera phulusa pa kolala. Ife timayanika padzuwa la ku Mangochi tsiku lonse, kenako n'kumadandaula kuti nsalu za masiku ano n'zabodza.

Za matelala ndisawakometsere kwambiri. Alipo ena amene “bwerani mawa” wawo amatha mwezi, makamaka nyengo ya maukwati, ya Eid kapena Khrisimasi ikayandikira, ndipo ukapita umapeza nsalu yako ili pansi pa mulu, sinakhudzidwe n'komwe. Alipo amene umawaonetsa chithunzi pa foni, iwo n'kuvomera ndi mutu, koma chotuluka chake n'china. Matelalawa sawachita zimenezi amayi akuluakulu kawirikawiri, chifukwa amawaopa, komanso chifukwa amayiwo sabwera ndi chithunzi cha munthu wa ku Lagos, amabwera ndi chovala chawo chakale n'kunena kuti chikhale chonchi, koma manja mufupikitse.

Pa tsitsi pokha ndiye ndili ndi pempho kwa amayi anga. Wigi yolemera ija, yonyezimira, mukutentha kuno, mukudzizunziranji? Amene anameta n'kusiya imvi zawo poyera amaoneka bwino zedi, ndipo ulemu umachita kubwera wokha. Atsikana ambiri masiku ano akubwerera ku tsitsi lachilengedwe, ena mpaka akuluka zingwe zomwe zija tinkathawa tili ku pulayimale.

Ndipo poti ndayamba kale kupempha, ndimalize ndi inu matelala a pamsika wa Mangochi ndi a ku M'baluku. Amayi akuluakulu ena anakuphunzitsani kuika thumba lobisika m'mbali mwa siketi, lolowa foni ndi makiyi a ofesi. Bwanji ife tikabwera simutiikira mpaka titachita kukupemphani kawiri, ndipo mukaika limakhala loti mungolowa ndalama yachitsulo? Thumba likhale lakuya, dzanja lizilowa lonse. Ya nsalu yowonjezerayo tidzalipira.