Gulu la magazi ndi matenda a mtima: ubale ulipo, koma ndi waung'ono

Uthenga woti anthu a magazi a gulu A, B ndi AB ali pachiopsezo cha matenda a mtima ukufalikira, ndipo ambiri akuulandira ngati chigamulo. Maganizo anga ndi akuti nkhaniyi ndi yoona koma ikukokomezedwa, ndipo amene ndikumudera nkhawa kwambiri ndi wa gulu O amene waiwerenga n'kuona ngati wapulumuka.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake youbweretsera magazi. Pakapita zaka, mafuta amaunjikana m'makoma a mitsemphayi. Tsiku lina muluwo umang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka, ndipo pakangotha mphindi 20 mpaka 30 mnofu wa mtima umayamba kufa. Gulu la magazi limalowerera makamaka pa kuundanako. M'magazi muli puloteni yotchedwa von Willebrand factor, imene imagwira ngati ulimbo: imamata timaselo toundanitsa magazi pamene mtsempha wavulala, komanso imanyamula inzake yotchedwa factor VIII, imene imathandizanso kuundanitsa magazi. Anthu a gulu O amakhala nayo yochepa ndi pafupifupi 25 peresenti chifukwa thupi lawo limaichotsa msanga. Ulimbo ukachepa, magazi saundana mwachangu.

Nanga kusiyanaku n'kwakukulu bwanji? Mu 2012, akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America atatsatira anthu pafupifupi 90,000 kwa zaka zoposa 20 anapeza kuti, poyerekeza ndi gulu O, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chinali chokwera ndi 5 peresenti kwa a gulu A, 11 kwa a B, ndi 23 kwa a AB. Mu 2017, ofufuza a ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 1.3 miliyoni. Apa m'pamene ndikufuna muyang'anitsitse: mwa anthu 1,000 a gulu O, pafupifupi 14 anadwala, mwa 1,000 a magulu enawo, pafupifupi 15. Kusiyana kwake ndi munthu mmodzi yekha pa 1,000. Komatu a gulu O 14 aja anadwala ndithu.

Tsopano yerekezani ndi fodya. Kafukufuku wa INTERHEART wa mu 2004, wochitika m'mayiko 52, anaonetsa kuti kusuta kumachulukitsa chiopsezo pafupifupi katatu, ndipo zinthu 9 zimene munthu angathe kusintha, monga fodya, BP, shuga, mafuta oipa m'magazi ndi kunenepa kwa pamimba, zinali kumbuyo kwa pafupifupi 90 peresenti ya chiopsezo chonse. Wa gulu O wosuta ali pamoto kuposa wa AB wosasuta.

Pamene gulu la magazi limalemera kwenikweni ndi m'mitsempha yobweza magazi ku mtima, makamaka ya m'miyendo. Kumeneko a magulu A, B ndi AB amakhala ndi chiopsezo pafupifupi kawiri cha magazi kuundana. Choncho mukachitidwa opaleshoni, mukagona nthawi yaitali osadzuka, mukakhala pa ulendo wa maola opitirira anayi, kapena mukangobereka kumene, muziyendetsa miyendo pafupipafupi. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka pa katumba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chibuma cha magazicho chikhoza kuchoka n'kukatseka mapapo.

Chonde musayambe nokha kumwa asipirini tsiku lililonse chifukwa choti ndinu a gulu A. Amatha kuchititsa magazi kutuluka m'mimba, ndipo amene angaone ngati phindu lake likuposa ngoziyo ndi dokotala. Zija zoti gulu lililonse lili ndi zakudya zake, kafukufuku sanazitsimikizire.

Yezetsani BP, ndipo iyezedwe moyenera: mukhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pa mulingo wa mtima, musanasute kapena kumwa khofi kwa mphindi 30. Ikamafika 140/90 pa masiku osiyana, ikufunika chithandizo, ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa m'zakudya zogula. Yendani ndawala mphindi 150 pa sabata, ndipo yezetsaninso shuga ndi mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo.

Chifuwa chikalemera ngati wina wachikhalira, ululu n'kumafika ku mkono, nsagwada kapena msana, thukuta lozizira likutuluka, musadikire kuti kuche. Kwa amayi, okalamba ndi odwala shuga, nthawi zina kumangokhala befu, nseru kapena kufooka kwadzidzidzi. Thamangirani kuchipatala, ndipo mukafika nenani nthawi yeniyeni imene ululu unayamba, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza kwambiri m'maola oyambirira.