Dziko loulula matenda lisamalangidwe

Mu November 2021 akatswiri a ku South Africa ndi ku Botswana anatulukira mtundu watsopano wa Covid-19, uja anadzautcha Omicron. Sanabise. Anadziwitsa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mwachangu, monga mayiko anagwirizanirana kuti azichita. Zikomo wake anali wotani? Pasanathe sabata, Britain, America ndi mayiko a ku Ulaya anatseka zipata zawo. Ife a ku Malawi tinalowetsedwa m'gulu lomwelo tisanapeze n'komwe munthu mmodzi wa Omicron. Kenako zinadziwika kuti ku Netherlands kachiromboko kanalipo kale South Africa isanalankhule. A Lazarus Chakwera, omwe anali pulezidenti, ananena poyera kuti ziletsozo zinali tsankho kwa anthu a mu Africa, ndipo pamenepo ndinagwirizana nawo.

Mwezi womwewo, mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe anapuwala. Zoyeza zinatumizidwa ku Johannesburg, kenako ku Atlanta m'dziko la America, ndipo mu February 2022 boma linalengeza kuti ndi poliyo. Nthendayi tinali titaiona komaliza mu 1992, ndipo Africa yense anali atalengezedwa mu August 2020 kuti wathana nayo. Kachirombo kake kanali kofanana ndi komwe kankafala ku Sindh, ku Pakistan. Tangoganizani mtunda wake.

Apa zinthu zinayenda mwina. Palibe anatitsekera chipata. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia anayamba kutemera ana nthawi imodzi, Zimbabwe n'kudzalowanso. Amene muli ndi ana mukukumbukira: azaumoyo akuyenda khomo ndi khomo dzuwa lili pamutu, kabokosi kozizira kali paphewa, madontho awiri m'kamwa mwa mwana, kachala kakang'ono n'kukapaka inki, pakhoma n'kulembapo ndi choko. Makolo ena ankanyinyirika kuti mwabweranso, si munam'patsa mwezi watha? Ankabweradi mobwerezabwereza, chifukwa ku Tete ana asanu ndi atatu anapezekanso ndi matendawa. Aliyense wodziwa Mwanza ndi Zobue, kapena Dedza ndi Calomue, akudziwa kuti kumeneko malire ndi a pamapu. Munda uli uku, chigayo chili uko, agogo ali tsidya linalo. Kutemera mbali imodzi yokha kukanakhala kutunga madzi ndi dengu. Mu May 2024 WHO inalengeza kuti mliriwo watha.

Ndiye mukandifunsa za mgwirizano wa maboma pa zaumoyo, ine sindiyang'ana zithunzi za nduna zikugwirana chanza ku Geneva, kulikulu la WHO. Ndimayang'ana chimene chimachitikira dziko lomwe laulula kuti kwathu kwagwa matenda. Likalandira katemera ndi akatswiri, mawa lidzaululanso. Likalandira chiletso, ndege n'kuima, alendo n'kuthawa, mahotela a kunyanja n'kukhala pululu, nduna yotsatira idzayamba yawerengera kaye isanatsegule pakamwa. Masabata awiri okhala chete amenewo ndi omwe amapha anthu, kuno ndi ku London komwe.

Mu May 2025 mayiko a mu WHO anavomereza pangano la momwe adzathanirane ndi miliri ya m'tsogolo. Mfundo yomwe ndimaikonda ndi yakuti makampani olowa m'dongosololi azipatula magawo 20 pa 100 alionse a katemera, mankhwala ndi zoyezera n'kupereka ku WHO, theka lake mwaulere. Koma gawo lofotokoza bwino za kugawana tizirombo toyeza ndi phindu lake analisiya kuti alikambirane padera, ndipo America inali itanena kale mu January chaka chomwecho kuti ikutuluka mu WHO. Komatu tisaiwale kuti zoyeza za mtsikana uja zinakathera ku Atlanta.

Pa Covid tinadikira katemera pamene ena anali atagula wochuluka kuposa anthu awo, ndipo mu May 2021 tinawotcha katemera wa AstraZeneca woposa 19,000 yemwe anafika masiku ake atatsala ochepa. Amene amatiyimira ku Geneva asamangosaina n'kubwerako. Akaumirire kuti zilembedwe momveka: tikapereka kachirombo kuti kayezedwe, katemera wake afika liti, wochuluka bwanji, ndipo dziko lotitsekera chipata popanda umboni lidzayankha kwa ndani.