Mpunga wofiira wa anthu a ku Guam wandithera ndalama ya sabata

Abale anga mundilole ndidandaule, poti mkazi wanga watopa nayo nkhaniyi. Kuntchito kwathu kuno ku San Diego, kosamalira okalamba, ndimagwira naiti ndi mayi ena achikulire a ku Guam, tonse timangoti Anti. Mtundu wawo ndi aChamorro ndipo mumzinda uno aliko ambiri chifukwa cha usilikali wa panyanja, paja Guam, chilumba cha m'nyanja ya Pacific, ili m'manja mwa America kuyambira 1898. Chaka chatha anandiitana ku phwando lawo la pa 21 July lokumbukira kubwera kwa asilikali a America kudzachotsa aJapan, amene analanda chilumbacho pa nkhondo, mu 1944, eee ndinadya mpaka kumasula lamba. Mpunga wofiira mulu, nthiti, nkhuku yootcha, palibe wokuwerengera nthuli, pochoka akukulongezeranso china m'foyilo, eti amati balutan, ngati pa chinkhoswe kwathu ndithu.

Ndiye Loweruka linali tsiku lobadwa la Anti, ine mwamatama ndati Anti tiyeni ku lesitilanti yatsopano ija ya zakudya zakwanu, ndilipira ndine. Pakamwa panga pomwepa.

Tangolowa ndadziwiratu kuti zavuta, magetsi a chizimezime, mbale zazikulu ngati chiwaya koma chakudya chili pakatikati ngati cha mwana wodwala. Kelaguen uja, nkhuku yoduladula yothira mandimu, kokonati wopala, anyezi ndi tsabola, amene kuphwando tinkachotsa ndi chipande, apa ayika pa titiyas, timikate tawo tathyathyathya, titatu ting'onoting'ono, pamwamba kaduwa. Kaduwa abale! Ndidye duwa ine ngati mbuzi? Mpunga wofiira aumba ndi kapu, kamodzi basi, mnyamata woperekera zakudya nkuyamba kutilalikira kuti kufiirako ndi njere za achote. Akuuza mayi amene anayamba kunyika achote m'madzi iye asanabadwe. Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi finadene, msuzi uja wa soya, viniga, anyezi ndi tsabola umene kwa Anti umakhala m'botolo patebulo ngati mchere. Nditapempha wina anaulemba pa bilu. Taganizani munthu akulipiritseni tsabola wa kambuzi pa chiimilire.

Ine ndimayang'ana Anti kuti tiyambe limodzi kunyoza, iwo zii. Alawa tinaktak, nyama yogaya yophika mu mkaka wa kokonati, ayika supuni pansi, maso ayamba kulengeza misozi, akuti mayi awo ankaphika chonchi. Kenaka wophika watulukira, kamnyamata kobadwira konkuno ku California koma magazi a kwawo, kati håfa adai, moni wa kwawo, kawerama kutenga dzanja la Anti nkuligunditsa pamphuno, ndi mmene amalemekezera akulu. Basi nkhani yathera pompo, Anti asungunuka, akumufunsa za agogo ake ndi mudzi wawo, ine ndatsala ndekha ndi njala yanga ndi mkwiyo wanga.

Bilu itabwera ndinaona ngati alakwitsa tebulo. Mitengo ya pa menyu kuno ndi yabodza, msonkho amawonjezera pamapeto, kenaka kamakina akukutembenuzira kuti usankhe tipu, 18, 20 kapena 25 peresenti, mnyamata uja waima pompo akuyang'ana chala chako. Ndadina 20 chifukwa cha manyazi. Kuphatikiza ndi malo oyimika galimoto zonse zakwana madola 140, ndalama imene ndinalonjeza mlamu wanga ku Ntcheu ya feteleza, ndipo wayamba kale kundiflasha pa WhatsApp.

Ndafika kunyumba cha m'ma 11 usiku, ndatereka poto, nsima ya ufa wa m'sitolo ya anthu a ku Mexico ndi mazira awiri, kudya choyimirira m'khichini. Lolemba Anti andipeza pa shifiti akumwetulira, akuti mwana wanga malo aja tibwererenso tikalandira, latiya, keke wa kwawo wothira kasitadi, sitinalawe.