Sewero la ana ogona panja lisamathere pa kuseka

Abale anga a kuno ku Mangochi, makamaka inu a magulu a zisudzo, ndili ndi pempho. Tiyeni tiitengere pabwalo nkhani ya ana ogona panja. Ambiri timati vutoli ndi la ku Blantyre ndi ku Lilongwe, poti kuno sitiona ana akupempha pamaloboti. Alipo. Ena amagona m'makhonde a mashopu pa boma, ena amazungulira padepoti kupempha kunyamula katundu. Koma ochuluka amabisika m'ntchito ya nsomba, n'chifukwa chake sitiwawerengera.

Mnyamata wa padoko amakoka nawo khoka, amakapa madzi m'boti, amasenza mabeseni a usipa, malipiro ake n'kukhala nsomba zodzaza m'manja. Akagulitsa amadya pachiwaya, yotsala amakalowera vidiyo kuti usiku ufupikeko. Kukada zedi amalowa pansi pa thandala loyanikapo usipa, n'kufunda saka. Mwera ukamaomba mu June ndi July amachezera kunjenjemera, ndipo udzudzu wa kunyanja mukuudziwa nonse. Akatseka nyanja, ngakhale kandalama kajako kamasowa. Za atsikana ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa pogona pawo nthawi zambiri pamachokera kwa bambo wamkulu amene amafuna malipiro oipa.

Mukawafunsa mumva nkhani zimene tonse timazidziwa. Bambo anapita ku Joni, zaka zatha osatumiza kanthu. Mayi anakwatiwanso, ndipo bambo watsopanoyo safuna mwana womupeza. Agogo ali ndi zidzukulu zodzaza nyumba pomwe ufa mulibe. Mabanja ena namondwe Freddy atawagwetsera nyumba mu March 2023 sanadzukenso bwinobwino. Ambiri mwa anawa si amasiye ayi, ndiye malo olerera ana amasiye sawayenera kwenikweni.

Lamulo tili nalo. La 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limati mwana wosowa womusamalira atengeredwe kumalo otetezeka, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mabungwe othandiza ana ogona panja alipo: ku Blantyre kuli Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust, ku Lilongwe kuli Tikondane. Nanga mtsikana amene wathawa nkhanza usiku uno ku Makawa kapena ku Malindi, akafika bwanji kumeneko?

Apa ndi pamene ndikuona kuti zisudzo zingatithandize. Lipoti amawerenga ndi anthu a muofesi, koma ng'oma ikalira pamsika aliyense amabwera. Ndipo si zachilendo. M'zaka za m'ma 1980, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkachita masewero a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, pafupi pomwepa. Osewera ankaima pakati pa sewero n'kufunsa anthu kuti vutoli tilithetse bwanji, anthu n'kumatsutsana mpaka kugwirizana chochita.

Chimene chimandipweteka ndi mmene timamuonetsera mwanayu m'masewero athu ambiri. Timamuveka sanza, timamupaka makala kumaso, timamutcha masikini, amaba mandasi, amathamangitsidwa, bwalo lonse n'kufa nazo nseko. Kumbuyo kwa gululo kumakhala ataima ana enieniwo, akuona anthu akuseka moyo wawo. Anthu akabalalika, iwo amabwerera pansi pa thandala paja, ndipo mawa wogulitsa mandasi amawayang'ana ndi diso loipa kuposa dzulo.

Ndikanakonda gulu liyambe lakhala nawo pansi anawa, kudya nawo, kumva mmene amayankhulira ndi zimene amaopa. Asakwezedwe pabwalo kuti aulule okha zimene anachitiridwa, zimenezo asewere ndi akuluakulu, mayina atasinthidwa. Seweroli likhale m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe timayankhulira kuno, lichitikire padoko masana asodzi akusoka maukonde, komanso tsiku la msika ku Namwera, ku Monkey Bay, ku Makanjira. Nthabwala zikhalemo ndithu, koma tiziseka bambo amene akugula foni yatsopano mwana wake akugona panja.

Ndiyeno lifike pamene kwada, mnyamata wagogoda zitseko zitatu ndipo zonse zamukana. Pamenepo osewera aime. Mmodzi atembenukire kumipando yakutsogolo n'kufunsa mwaulemu: "Gogo chalo, a Shehe, abusa, a tcheyamani a komiti ya padoko, mwanayu agone kuti lero?" Asathamangire kuimba nyimbo yotsekera. Adikire mpaka wina atchule malo enieni ndi munthu amene adzatsekule chitseko. Wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu akhalepo kuti alembe zimene zalonjezedwa, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana itchulidwe mobwerezabwereza kuti ana omwe aima kumbuyo aja ailoweze.

Malo amene ndikunena si chinyumba cha mamiliyoni. Chipinda chokhoma bwino, mphasa, mabulangete, masikito, madzi osamba, phala m'mawa. Atsikana kwaokha ndi mayi wodalirika amene mudzi ukumudziwa. Mwana akhale pamenepo pamene akufufuza abale ake ndi kuona ngati kwawoko n'kobwererako, chifukwa kumubweza kwa amene ankamumenya ndi kumuthamangitsanso kachiwiri. Zipinda za madarasa ndi maholo a matchalitchi zimagona zotseka usiku wonse, ndipo zakaati ndi chopereka timasonkha kale.

Gulu limene lili lokonzeka lindiuze. Ndipita nalo kwa amfumu kukapempha bwalo, ndipo tiyambe padoko limodzi mwera usanayambe.