Musanagule mapini a anti-rotation tayambani mwaona sipuling'i ija

Loweruka lapitali tinali ku range, malo oyesera kuombera mfuti, ndi mnzanga wina wakumudzi yemwe tili naye kuno ku Indiana, wangomanga kumene mfuti yake yoyamba ya AR-15, yekha, patebulo la kukhitchini. Magazini yachiwiri isanathe ndinangoona kapini ka trigger kasuzumira kunja kumanzere, kutuluka ngati chikhadabo. Ndinamugwira paphewa, ndati achimwene chotsani chala, tulutsani magazini kaye. Iwo osadandaula nkomwe, akuti aaa musavutike ndaitanitsa kale mapini a anti-rotation, aja omangidwa kuti asatuluke kapena kuzungulira, akufika Lachiwiri. Apa mpomwe pandiwawa ine, chifukwa anthu ambiri akuchita zomwezi, kumanga chilonda ndi nsanza osachitsuka.

Eugene Stoner popanga mfuti imeneyi ku ArmaLite m'zaka za m'ma 1950 sanangowasiya mapini awiri, ya trigger ndi ya hamala (kachitsulo komenya kuti chipolopolo chiphulike), opanda chowagwira ayi. Pini ya hamala imagwiridwa ndi kawaya kopindika kali mkati mwa hamala momwemo, kaja amati J-spring, kamaluma pa kamzere ka pakati pa pini. Ya trigger nayo imagwiridwa ndi miyendo ya sipuling'i ya hamala, imene imayenera kugona PAMWAMBA pa pini mpaka kukhala mu kangalande kake. Asilikali aku America akhala akunyamula M16, yomwe ndi AR-15 ya asilikali, chiyambire m'ma 1960 ndi mapini wamba omwewa, m'matope, mumchenga, osagwa.

Titaitsegula mfuti ya mnzangayo miyendo ija inali pansi pa pini, yangogona pansi pa receiver, thupi la mfuti momwe mumalowa mapiniwa, osagwira kanthu. Ndiye tangoganizani akanangoika mapini atsopano aja, pini ikanasiya kutuluka inde koma sipuling'i ili chikhalire molakwika, hamala nkumamenya mofooka, tsiku lina chipolopolo osaphulika iwo nkumada kampani ya zipolopolo. Komanso pini ya trigger ikamayenda si nkhani yoseweretsa, mfuti itha kulira kawiri iwe utakoka kamodzi, pambali pako pataima mwana wa munthu.

Sindikuti mapini amenewa ngachabe. Ukaika trigger zija za drop-in, zobwera zomangamanga mu kabokosi kake, miyendo ya sipuling'i siyifikanso pa pini ndiye pamafunikadi chogwira china, nchifukwa chake zina zimabwera ndi mapini a masikuluu kapena timasikuluu tothinitsira pansi. Mfuti za 9mm za blowback, zomwe bolt yake imangokankhidwa ndi mphamvu ya chipolopolo popanda choitseka, nazo zimamenya hamala mwankhanza, mapini amavutika, pamenepo sinditsutsa. Ndipo tisasakanize, anti-walk amangoletsa pini kutuluka, pomwe anti-rotation ngati a KNS Precision aku Texas ali ndi tizitsulo m'mbali tolumikiza mapini onse awiri kuti asazungulirenso.

Mantha a anthu ndimawamvetsa bwino. Pini ndi yachitsulo, receiver ndi ya aluminiyamu, ndipo lower receiver ija ndiyo ili ndi nambala, mwalamulo kuno ndiyo mfutiyo, mabowo ake akakula ndiye kuti kubwereranso kwa dila, mafomu, kufufuzidwa mbiri yako (background check), zonse kuyambiranso. Koma ife oombera kamodzi pamwezi, mabowo a receiver yabwino tingawakulitse liti abale? Kadontho ka oyilo pa mapini basi kakukwanira.

Amene mwatsimikiza kuti muika, yezani kaye. Mapini ambiri ndi a mainchi 0.154 koma mfuti zina za Colt zogulitsa kwa anthu wamba zinkabwera ndi mabowo akulu a 0.170, ukagula mwachimbulimbuli salowa kapena amagwedera. Timasikuluu take ntating'ono kwabasi, ukathinitsa ndi mtima wonse timaduka, ukasiya opanda Loctite ya buluu, guluu wa masikuluu uja, timamasuka nkugwera mu udzu, ndipo kuyambira tsiku limenelo kulikonse upite uyenera kuyenda ndi ka Allen key kake pomwe pini wamba umangoikankha ndi kachitsulo kokankhira (punch) yatuluka.

Mnzanga uja tinangotulutsa pini ya hamala, kugoneka miyendo ija pamalo pake, kubwezera. Mfuti ili yopanda chipolopolo tinayesa sefite, kukoka trigger, kubweza hamala chala chili chikokere, kusiya pang'onopang'ono mpaka kumva kuti tha. Anaombera magazini ena anayi pini osasuntha ngakhale pang'ono. Phukusi lawo lafika dzulo, ndawauza alisunge mpaka tsiku lomwe adzagule trigger ya drop-in imene akuilakalaka ija.