Chenjezo kwa anyamata oseweretsa zidole

Anyamata inu amene mukuvala masokosi m'manja, kuwasokerera mabatani kuti akhale maso, n'kumajambula timasewero pa foni, tamverani kuno. Luso muli nalo, sindikukana, ndipo ife akuluakulu timaseka nawo tikatilandira pa WhatsApp. Koma pali chimene chikundinyansa, ndipo ndikakhala chete mudzati ku Mangochi kunalibe wamkulu wokuuzani.

Chidole chanu chachikazi n'chimodzimodzi tsiku lililonse. Mwachimanga duku, mwachipaka zofiira pakamwa, mwachipatsa mawu olongolola. Ntchito yake ndi miseche pa mjigo, kulirira ndalama ya tsitsi, ndi kulowetsa chibwenzi m'nyumba mwamuna akangokwera basi ya ku Joni. Pothera pake chidole chachimuna chimatola chikuni n'kuchikutumula, inu n'kuikapo kaphokoso ka anthu oseka. Chachimunacho nacho simunachilemekeze. Ngati si chidakwa ndiye kuti ndi chitsiru cholephera kubereka mwana kumbuyo, ndipo chikangogwira mthiko anzake amati chadyetsedwa khuzumule.

Amayi oterowo munawaona kuti? Talawirirani ku gombe la Msaka, Malembo kapena Makanjira. Asodzi akamakocheza atachezera ndi nyali usiku wonse, amene amakhala atadikira ndi mabeseni ndi amayi. Ndiwo amagula usipa, kuufutsa, kuuyanika pa thandala n'kumauyang'anira mitambo ikachita bii, kenako kuulongedza n'kukwera nawo lole mpaka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Amuna ambiri a kuno ali ku Johannesburg ndi ku Durban, ena amatumiza, ena anangoti zii. Munda, fizi, mwana akadwala malungo pakati pa usiku, zonsezo zili pamutu pa mayi yemwe inu mwamusandutsa hule la sokosi. Komanso kwathu kuno ambiri ndife a chikamwini, mudzi umaima pa mbumba. Mukunyoza amayi anu omwe.

Ndikudziwa yankho lanu: "Agogo, n'chidole chabe." Nanga dzanja lili m'katimo ndi la yani? Mawuwo akutuluka pakhosi pa yani? Mukubisala kuseri kwa nsalu kuti munene zimene simunganene pamaso pa achemwali anu. Ndipo musamaganize kuti mwatulukira zatsopano. Ku England kuli chidole chotchedwa Punch, chimene chinaoneka mu London kale mu 1662, ndipo chinatchuka ndi kukwapula mkazi wake Judy ndi ndodo. Eni akewo lero akukangana nacho, ena oseweretsa anachotsamo kumenyako. Inu ndiye mukutola zimene anzanu akutaya.

Oonera anu enieni si ife. Ndi ana amene amadzadza m'mashedi a vidiyo ndi kuunjikana pa foni ya mkulu wawo. Ndaona ndi maso anga ana ali pa masanje kuseri kwa nyumba, kamnyamata katatola kamtengo, kakukwapula kamtsikana kamene kanali "mkazi wake", uku kakubwereza mawu a chidole osaphonya n'limodzi lomwe, anzake ali gwa! ndi phwete. Kamtsikanako sikanalire, kanangoti ndi mmene sewero limathera. M'mera mpoyamba, ana anga.

Chimene chinandiwawa koposa ndi chija cha mtsikana wa yunifolomu wolephera kuwerengera, makolo n'kumuuza kuti sukulu si ya akazi, angokwatiwa ndi mjoni wobwera ndi bulangete ndi foni. Mukuseka chiyani pamenepo? Boma lathu lino la Mangochi limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya maukwati a ana ndi atsikana osiyira sukulu panjira. Mafumu ndi amayi a m'magulu a pa sukulu akuvutika kuwabweza m'kalasi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo chikuni chanu chija pamoyo weniweni chimathera ku polisi. Dziko lomweli linalamulidwa ndi mayi Joyce Banda kuyambira 2012 mpaka 2014, koma chidole chanu chachikazi mpaka lero sichinagwirepo ngakhale choko.

Sindikuti musiye nthabwala. Zoseketsa zadzadza pa nyanja pano: mwini boti wobera alovi (asodzi omugwirira ntchito) ake, msodzi wofuna thupi la mayi kuti amugulitse nsomba, bambo wobwera ku Joni ndi chiwailesi chachikulu ana ake alibe nsapato. Awo ndiwo ofunika kuwavula pagulu, ndipo tidzaseka mpaka nthiti kuwawa.

Inunso okopera mavidiyo pa memori khadi m'misika, muzisankha zopatsa ana. Ndipo amene mumatumiza timasewero tokwapula akazi m'gulu lathu la mudzi la pa WhatsApp, ndalankhula kale ndi adimini: kena kakangobweranso kachotsedwa, wotumizayo atuluka nako limodzi.